Ndinkafuna Electrical koma anandiika ku Metallurgy, umu ndi m'mene ndinasinthira

Selekishoni ya ku yunivesite ikangotuluka foni yanga siipuma. Ang'ono anga a kusekondale kumene ndinaphunzira, ana a anthu a kutchalitchi, ena sindiwadziwa n'komwe angopatsidwa nambala, onse funso lawo ndi limodzi, achimwene andiika kosi imene sindimaifuna nde ndipite kapena ndidikire chaka chamawa? Ambiri mwa iwo ndi a engineering chifukwa kumeneko anthu amapanikizana pa makosi omweomwewo, Civil, Electrical ndi Mechanical, pomwe malo ndi ochepa. Inenso zinandichitikira, ndinkafuna Electrical Engineering koma dzina langa linatuluka ku Metallurgy, ndipo panopa ndikuphunzira Electrical yomweyo. Yankho langa ndi lakuti pitani, malowo musawataye, nkhani yosintha imatheka munthu uli kale mkati ndipo chimene chimakuyankhulira ndi magiredi ako a chaka choyamba, osati kudandaula.

Za magetsi ine ndinazitengera kwa malume. Ndinakulira kwa iwo ku Ndirande ndipo ntchito yawo ndi yokulunga mamota, a zigayo, a mapampu a madzi, a makina owotcherera zitsulo. Mota ikapsa eni chigayo amabwera nayo pa wilibala, malume amaitsegula n'kudula waya wakupsa uja, koma asanautaye amayamba awerenga kaye bwinobwino kuti pa koilo iliyonse wayayo anazungulira kangati komanso ndi wonenepa bwanji, n'kulemba pa kachidutswa ka katoni ndi pensulo, chifukwa ukaphonya chiwerengero mota ija ikangoyamba kuzungulira imatentha n'kupsanso, ndalama ya waya wa kopa yalowa m'madzi. Ine ntchito yanga inali yogwira wayayo kuti asapotane iwo akamazunguliza pa thabwa, kenako kupaka vanishi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani mota ya three phase imadzuka yokha pomwe ya single phase imafuna kapasita, anangoti mphwanga ine ndimadziwa kuti zimatero basi, chifukwa chakecho akakuuze ku sukulu ndipo ukadzamva udzandiuze. Nde mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire paja, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, magetsi amazima tsiku lonse ndipo malume amachita kudzuka pakati pa usiku kukayesa mota magetsi akangoyaka. Ine ndinali nditamaliza fomu folo ndili pakhomo, zonsezi ndimaziona, ndipo mtima unakhazikika kuti ndikaphunzire zimenezi.

Kwa amene simunalembe fomu ya NCHE, mvetsetsani m'mene zimayendera chifukwa mavuto ambiri amayambira pamenepa. NCHE ndi imene imayendetsa selekishoni ya mayunivesite a boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST. Poly imene makolo athu amaidziwa ndiyo MUBAS kuyambira 2021 pamene University of Malawi inagawidwa. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, ndipo kuti uganiziridwe pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Koma chimene ana ambiri sadziwa n'chakuti mapointi onse aja amene timanyadira, akuti ndakhoza 10 ndakhoza 12, si okhawo amene amayang'anidwa. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake ofunikira, ku engineering ndi masamu, Physics ndi Chemistry, ndipo ukupikisana ndi anthu amene asankha pulogalamu yomweyo. Munthu utha kukhala ndi mapointi abwino chifukwa cha Chichewa, Agriculture ndi Bible Knowledge koma masamu uli ndi 4, ku Electrical akupitirira anzako amene masamu ali ndi 1. Ine ndinali ndi mapointi 12, Chemistry 1, Physics 2, masamu 3. Electrical ndinaiika poyamba, Electronics yachiwiri, ndipo Metallurgy ndinaiika kumunsi chifukwa aphunzitsi athu a Chemistry anandiuza kuti mwana wanga usadzaze fomu yonse ndi makosi amene aliyense akuthamangira, ikapo imodzi yogwirizana ndi phunziro limene wakhoza kwambiri. Aphunzitsi amenewa ndimawathokoza mpaka pano chifukwa pakanapanda iwo dzina langa silikanatuluka paliponse.

Mayina atatuluka amayi anavina, kwa iwo yunivesite ndi yunivesite basi. Malume anandigwira chanza n'kungoti zikomo mphwanga, koma ndinaona kuti nawonso zawakhudza. Ine mtima unandiwawa, sindinama. Anthu ena apafupi amandiuza kuti ndisapite, ndilembenso masamu ndikweze giredi ndiyesenso chaka chamawa. Malangizo amenewa amamveka bwino koma taganizani, chaka chamawa kukubwera gulu lina la ana amene angolemba kumene, mwina akhoza kuposa gulu lanu, palibe amene wakulonjezani malo, ndipo chikalata cha NCHE chaka chilichonse chimanena zaka za MSCE zimene zikuloledwa nde sikuti mungamangoyesa mpaka kalekale. Pomwe apa malo muli nawo kale m'manja, mu fakote ya engineering yomweyo. Ndinapita.

Masabata oyamba ukafunsa makonti, ophunzira amene anayamba kale, za kusintha umamva zambirimbiri. Wina akuti sizitheka olo pang'ono, wina akuti upeze munthu wa ku Electrical amene akufuna Metallurgy musinthane, wina akuti pali munthu amene ukamupatsa kenakake amakonza mu sisitimu. Izi zomalizazi chonde musayerekeze. Chaka chilichonse pamapezeka anthu odyera mayearo, ophunzira a chaka choyamba, masuku pamutu, amakuuzani kuti amadziwana ndi a ku ofesi, mutumize ndalama pa foni, kenako nambala ija siipezekanso. Olo zitati zatheka, kusintha kopanda kalata ya a rejisitira kudzakupwetekani chaka chomaliza akamadzaona fayilo yanu. Paja amati safunsa anadya phula, koma funsoli likafike kwa eni ake oyenera. Ine ndinayamba ndawerenga kabuku ka malamulo a ophunzira kamene amapereka pa oriyenteshoni, ambiri amangokaponya mu sutikesi, pomwe mmenemo ndi mmene muli ndime yonena za kusintha pulogalamu, kalata ipite kwa ndani, idzere kuti komanso nthawi yake. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake ndipo amasintha, nde werengani kanu komweko, musadalire za ine kapena za konti.

Nditawerenga ndinapita kwa mkulu wa dipatimenti ya Electrical. Ndinavala shati yabwino, m'manja fotokope ya satifiketi ya MSCE ndi kalata yondiitana ku sukulu. Nditagogoda anati lowani, ndinapereka moni n'kuima mpaka atandiuza kuti ndikhale. Ndinati bwana ndabwera ndi pempho, ndaikidwa ku Metallurgy koma mtima wanga uli ku Electrical. Sanadabwe, zimaoneka kuti tsiku limenelo sindinali woyamba. Anatenga fotokope ija, chala chawo chinapita pa masamu n'kuima pa 3 paja, kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti iwe ku Electrical ukufunako chiyani. Ndinawafotokozera za mamota a malume, za koilo, za funso la kapasita lija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati mnyamata panopa malo kulibe, kalasi yadzadza ndipo mu labu mabenchi ndi owerengeka, sindingaike anthu 8 pa oscilloscope imodzi, makina oonera mafunde a magetsi, n'kumati ndikuphunzitsa. Koma anapitiriza kuti chaka chikamatha malo amapezeka, ena sabwera n'komwe, ena amapita kunja, ena amawidwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso, ndipo malo akapezeka timatenga amene masamu ndi Physics a chaka choyamba akhoza bwino kuposa anzawo. Anandibwezera pepala lija n'kuti 3 uyu ndi wa ku sekondale, kandionetse wa kuno.

Mawu amenewo ndi amene anandipatsa mphamvu, ndipo apa ndi pamene ndimafuna ang'ono anga mumve bwino. Chaka choyamba cha engineering maphunziro ambiri ndi ofanana, kaya uli ku Civil, ku Mining, ku Mechanical, nonse mumakumana mu Calculus, Physics, Chemistry, Engineering Drawing, zakompyuta, woshopu ndi Communication. Ndiye kuti chaka chimenecho sichikutayika, ukuphunzira zomwezo zimene a ku Electrical akuphunzira, mayeso ambiri ndi amodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba utha kuyerekezedwa nawo pa pepala limodzi. Pa MSCE anakuposa, chabwino, koma apa mwayambira pamodzi.

Vuto ndi lakuti munthu amene waikidwa kumene sakufuna mtima umachoka. Ndinali ndi mnzanga wa mu hositelo, iye amafuna Civil, tsiku lililonse nkhani yake inali yoti ine kuno ndikungodutsa, kalasi ya dipatimenti yathu samalowa akuti ya chiyani poti ndikuchoka, ma asainimenti amakopera m'mawa wa tsiku lopereka. Zotsatira zitatuluka anali ndi masapu awiri, mayeso obwereza a maphunziro amene walephera, pempho lake silinapite patali ndipo anatsala ku kosi imene anaiyamba ndi magiredi ofooka. Zimandimvetsa chisoni mpaka lero chifukwa anali mnyamata wanzeru kuposa ambiri a ife. Dipatimenti imene ukufuna kupita siingatenge munthu amene akulephera kumene ali, olo utalira bwanji.

Calculus ndi imene imagwetsa anthu. Masamu a MSCE ambiri tinawakhoza poloweza njira ndi kubwereza mapepala akale, koma kuno lekichala amalemba malimiti pa bolodi, ola limodzi wamaliza mutu wonse, sabata yamawa ali pa differentiation, ndipo amene anaphunzirako Additional Mathematics ku sekondale amaoneka ngati akuuluka. Ine sindinaphunzire Additional, nde ndinapeza anzanga atatu, mmodzi anali mtsikana wa ku Electrical yemweyo amene masamu amawamva kwambiri, timakumana madzulo mu kalasi yopanda anthu, aliyense amatenga choko kusova funso pa bolodi akufotokoza mokweza, ukakakamira anzako akufunse mpaka pamene sukumvetsa paoneke. Ine ndimawathandiza Chemistry iwo amandithandiza masamu. Ma tutorial sheet ndimasova onse osadumpha, ndipo zikandikanika ndimapita ku ofesi ya lekichala ndi pepala losonyeza pamene ndafika, osati kungoti sindikumva. Semesita yoyamba Calculus ndinakhoza bwino, yachiwiri ndinakhoza kuposa pamenepo.

Chimene chinandivuta kwambiri mumtima chinali kupita kwa mkulu wa dipatimenti yanga ya Metallurgy, chifukwa kalata imayenera kudzera kwa iwo asaine, ndipo ukupita kukauza munthu kuti ndikufuna kuchoka kwanu. Ena amachita manyazi n'kumafuna kuwalambalala, zimenezo zimangochedwetsa kalata. Ndinapita mwaulemu ndipo sindinanyoze kosi yawo. Iwo anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikusiya. Anandikumbutsa za Kayelekera ku Karonga kumene kuli uranium, za rutile wa ku Kasiya ku Lilongwe, za miyala ya rare earth ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, n'kunena kuti miyala imeneyi ikakumbidwa pamafunika anthu odziwa kuisiyanitsa ndi dothi, ndipo anthuwo ndi ife. Anandiuzanso kuti ndi Chemistry yangayo ndikanapita patali. Zimene amanena zinali zoona ndipo ndinaziganizira masiku angapo mofatsa. Nditabwerera n'kuwauza kuti maganizo anga sanasinthe anasaina osavuta, n'kundifunira zabwino.

Kalatayo isakhale yaitali ndipo musalembemo zodandaula. Yanga inali tsamba limodzi, yopita kwa a rejisitira kudzera kwa akulu a madipatimenti awiri onse ndi a dini a fakote. Ndinalemba dzina, nambala yanga ya sukulu, pulogalamu imene ndili, imene ndikupempha, chifukwa chake mu mizere yochepa, ndipo ndinamatako zotsatira za masemesita onse awiri ndi fotokope ya MSCE kusonyeza kuti zofunikira za Electrical ndinali nazo kale. Ichi n'chofunika, ngati pulogalamu imafuna credit ya Physics ndipo inu mulibe, magiredi a chaka choyamba sangakupulumutseni. Popereka kalata pangani fotokope, apempheni a ku ofesi adinde chidindo ndi deti pa kope yanuyo, musunge. Maofesi amalandira mapepala ambiri, nde kukhala ndi umboni wakuti munapereka nthawi yake isanadutse kumathandiza mukamakafunsa kuti zafika pati. Pokafunsapo pitani nokha, mwaulemu, osatuma makolo kapena abale a maudindo kuti aziimba mafoni.

Kudikira kunali kowawa chifukwa yankho silibwera msanga, amayenera kudikira zotsatira za masapu kuti adziwe malo enieni amene atsala. Nthawi yonseyo ndinalembetsa ngati wa Metallurgy ndipo chaka chachiwiri chitayamba ndimalowa makalasi a Metallurgy, nthawi ikalola ndimakakhalanso kumbuyo mu kalasi ya circuits kuti ndisatsalire. Musasiye makalasi a pulogalamu yanu chifukwa choti wina wakuuzani pakamwa kuti zatheka, dikirani kalata. Yanga itabwera ndinaiwerenga nditaima pa khonde la ofesi pomwepo, kenako ndinaimbira malume.

Kalata ikabwera ntchito siinathe. Onani pa potolo, tsamba lanu la pa intaneti la sukulu, ngati pulogalamu yasinthadi, chifukwa dzina likatsala ku mndandanda wakale magiredi anu azisowa kolowa. Ngati nambala yanu ya sukulu ili ndi zilembo za pulogalamu funsani ngati isinthe komanso ngati mukufunika ID yatsopano. Amene muli pa loni ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, kapena pali bungwe limene likukulipirirani fizi, adziwitseni polemba kudzera ku ofesi yoona za ophunzira, mapepala anu onse azinena chinthu chimodzi, apo ayi ndalama itha kuchedwa inu muli ndi njala. Komanso funsani ngati pali kosi ya chaka choyamba imene a pulogalamu yatsopanoyo anaphunzira inu simunaphunzire. Ine inalipo imodzi, ya chiyambi cha zamagetsi, ndinaitenga pamodzi ndi mayearo ndikuchitanso za chaka chachiwiri, semesita imeneyo inali yolemera zedi.

Ndinenenso izi kuti wina asadzati sanauzidwe. Electrical si kulumikiza mawaya ndi kukwera mapolo, mbali yaikulu ndi masamu, complex numbers, Laplace, differential equations, zinthu zimene sungazigwire ndi manja. Zaka zake ndi 5 ndipo palibe chaka chopepuka. Mamota amene ndinawatsatira ndinadzakumana nawo mochedwa mu Electrical Machines, ndipo m'menemo ndi mmene ndinamva kuti ma phase atatu aja amasiyana ndi madigiri 120 nde pamodzi amapanga mphamvu ya maginito yozungulira yokha, pomwe phase imodzi imangokankha uku ndi uku, kapasita ndi imene imasiyanitsa nthawi ya koilo yachiwiri kuti mota ipeze poyambira. Pa holide ndinawajambulira malume pa katoni. Ndiye musanalembe kalata dzifunseni kuti mu kosi mukuifunayo muli chiyani chimene mukufuna kudziwa. Pezani ndandanda wa maphunziro ake a zaka zonse muwerenge, chezani ndi a chaka chachinayi, lowani kalasi imodzi mumvere. Ngati chifukwa chanu n'chakuti dzina lake limamveka bwino kumudzi kapena akuti ku ESCOM ndi ku EGENCO kuli ndalama, chimenecho sichingakudzutseni 3 koloko m'mawa kuwerenga Signals and Systems. Mnzanga wina amene tinayamba limodzi ku Metallurgy naye poyamba amafuna kuchoka, koma atalowa mu labu n'kuona m'mene amayandamitsira miyala yopera ndi thovu kuti chitsulo chisiyane ndi zinyalala anaikonda, kalata sanalembenso, ndipo mgodi wa Kayelekera utayambanso kugwira ntchito mu 2025 iye ndi amene amatiuza nkhani zake mosangalala.

Zikakanika, chifukwa zimakanikadi kwa ena olo akhoze bwino ngati malo sanapezeke, sikuti njira yatsekeka. Ku mgodi, ku fakitale ya simenti kapena ya shuga mainjiniya a mitundu yonse amagwira ntchito limodzi, ndipo pulojekiti ya chaka chomaliza utha kuikokera kufupi ndi zimene umakonda, kenako masters n'kukachita mbali imeneyo. Amene simunalembe fomu muyang'anenso kupitirira makosi atatu otchuka aja, MUST ku Thyolo ili ndi Chemical ndi Biomedical Engineering, LUANAR ku Bunda ili ndi Agricultural ndi Irrigation Engineering, Mzuni ili ndi za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo. Palinso amene amayambira ku makoleji a ntchito zamanja ngati Soche, Lilongwe Technical kapena Nasawa, n'kudzalowa digiri pambuyo pake ali kale ndi luso m'manja.

Zonse ndafotokozazi ndi za munthu amene akusintha mkati mwa fakote ya engineering. Ngati mwaikidwa ku fakote ina, tinene ku Education kapena ku Commerce, ndipo mukufuna kuwolokera ku engineering, nkhani yake ndi yolemerapo chifukwa chaka choyamba chanu sichifanana ndi chawo, nde olo akuloleni atha kukuuzani kuti muyambirenso chaka choyamba. Chimenecho ndi chaka china cha fizi, cha lendi ndi cha chakudya, ndiye musanasaine kalikonse funsani ku ofesi kuti mudzayambira chaka chiti, kenako mukakhale pansi ndi amene amakulipirirani muwauze chilungamo chake, iwonso avomere.